KUIKA OPERATING SYSTEM MU KOMPYUTA YONGOMANGIDWA KUMENE

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene wadzimangira yekha kompyuta, atagula ziwalo zace cimodzi-cimodzi pa malipiro a mwezi ndi mwezi. Anthu a ku migodi ali naco cibale ndi makina amenewa, pakuti timizere tonse tonyamula magetsi pa bolodi yaikulu ya mkati, yochedwa motherboard, n'ta mkuwa, citsulo comweco cimene cikumbidwa ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga.

Tsono mwini wace akalumikiza zonse nayatsa makina koyamba, timafani timazungulira, koma pa sikirini pamangooneka mau akuti palibe coyambira. Ambiri pamenepo mtima umangoti phwii, kuyesa kuti ndarama zao zapsa. Komatu palibe caonongeka. Makinawo ali opanda kanthu mkati, ndipo cimene cisoweka ndi pulogalamu yaikulu yochedwa operating system.

Nchito ya pulogalamu imeneyi ifanana ndi ya kapitao pansi pa mgodi. Zida zilipo, anchito aliponso, koma pafunika mmodzi wogawa nchito. Operating system ndiyo imapatsa pulogalamu iriyonse malo ace mu memory ndi nthawi yace pa processor; ndiyo imasunga mafailo pa disk, nimva zimene munthu akulemba pa kiyibodi.

Coyamba ndi kusankha. Windows 11, ya kampani ya Microsoft, inaturuka m'caka ca 2021. Laisensi yace ndi yogula, ndipo ifuna memory yosacepera 4 GB, disk yosacepera 64 GB, ndi cochinjiriza cochedwa TPM 2.0. Windows 10 si yoyenera makina atsopano, popeza Microsoft inaleka kuisamalira mwa masiku onse pa 14 October 2025. Njira ina ndi Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Mtundu wace wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. Dzinalo tanthauzo lace ndi umunthu. Ubuntu ndi yaulere, ndipo munthu angathe kuiyesa kucokera pa fulashi asanaiike n'komwe.

Caciwiri ndi kukonza fulashi. Popeza makina atsopano sangadzitengere kanthu okha, pafunika kubwereka kompyuta ina yokhala ndi intaneti, ndi kutenga operating system kwa eni ace eni-eni. Failo yace imapitirira 5 GB, cotero imadya bandulo ndithu. Makope ogulidwa mobisa pa msika ndi ochipa, koma palibe angadziwe zimene wokopayo anabisamo, ndipo makina amene munthu adzasungiramo za ndarama zace sayenera kuyamba ndi mlendo wosadziwika. Fulashi ikhale ya 8 GB kapena kuposa. Kungoponyamo failo sikukwanira ai. Iyenera kulembedwa ndi pulogalamu ya nchito imeneyi, monga Media Creation Tool ya Microsoft kapena Rufus. Polemba, zonse zimene zinali pa fulashiyo zimafafanizika.

Cacitatu ndi kuuza makina poyambira. Mu motherboard muli kale kapulogalamu kakang'ono kochedwa BIOS, kapena UEFI m'makina a masiku ano, ndipo ndiko kanalemba mau oopsa aja. Munthu alowetse fulashi, ayatse makina, nthawi yomweyo asindikize batani la Del kapena F2. Pamenepo aone ngati memory yonse ndi disk zikuoneka. Ngati cina sicioneka, azime makina nakankhirenso ciwaloco m'malo mwace. Wofuna Windows 11 aonenso kuti TPM ndi yoyatsa. Pa makina a Intel imachedwa PTT, pa a AMD fTPM. Atatero aike fulashi patsogolo pa zoyambira zonse.

Cacinai ndico cofunika kuposa zonse. Pulogalamu yoika ija ikafunsa za cinenero ndi kiyibodi, imafunsanso disk imene operating system ikhalemo. Apa ndi pamene anthu amalira. Womanga makina kawiri-kawiri amalumikizamo disk yace yakale, mmene muli zithunzi za ukwati, makalata a nchito ndi masatifiketi a ana. Koma Windows pa malo amenewa imachula ma disk ndi manambala, Drive 0 ndi Drive 1, ndipo munthu wofulumira akasankha yolakwika naifafaniza, zosunga za zaka khumi zimapita m'kamphindi. Kuzibweza n'kobvuta, n'kodula, ndipo nthawi zina n'kosatheka. Mankhwala ace ndi apafupi: asanayambe, azule cingwe ca disk yakale, kuti mutsale yatsopano yokha. Ngati sangathe kutero, ayang'anitse kukula kwa disk iriyonse kawiri asanasindikize kanthu. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Disk ikasankhidwa, makina amagwira okha nchito, ndipo Windows imazima ndi kuyakanso kangapo. Pa kuzima koyamba ndi bwino kuzula fulashi, cifukwa makina ena amabwerera kwa iyo nayambanso kufunsa mafunso omwe aja.

Nanga magetsi akathima pakati pa nchito? Anthu a m'Zambia akumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kusowa maora ambiri pa tsiku. Akathima pamene operating system iri kulowa, palibe coopsa ceni-ceni. Munthu angoyambanso ndi fulashi yace. Coopsa ndi kuthima kwa magetsi pamene BIOS yeni-yeniyo iri kusinthidwa, pakuti motherboard ingathe kukana kuyakanso. Nchito imeneyo isagwiridwe popanda cifukwa, ndiponso isagwiridwe pa nthawi yokayikitsa.

Cotsiriza ndi madalaivala, ndiwo timapulogalamu tophunzitsa operating system kulankhula ndi ciwalo ciriconse. Windows 11 imafuna intaneti pomaliza kuikidwa, koma nthawi zina simadziwa Wi-Fi ya motherboard yatsopano. Wocenjera amatengeratu dalaivala ameneyo kwa opanga motherboard namsunga pa fulashi, kapena amakonzeratu cingwe ca intaneti. Pambuyo pace alole makina atenge zokonza zonse zatsopano asanayambe nchito ina.

Zonse zikatha, ndi pamene azime makina, alumikizenso disk yakale, napeze zithunzi zace ziri momwe anazisiyira. Fulashi ija asaibwereketse. Ailembe dzina naisunge pamodzi ndi malisiti a ziwalo, pakuti tsiku limene makina adzakana kuyamba, thandizo lidzacokera kwa iyo.