Foni yanu situmiza chithunzi, imatumiza kiyi

Okonza mafoni pa boma la Dedza amawadziwa pamtima madandaulo a makasitomala awo. Uyu sikirini yasweka, uyo batire latupa, winayo foni ikungofiriza. Zambiri mwa fonizi ndi za Itel ndi Tecno, zotsika mtengo, za RAM yochepa. Komabe foni yomweyo imaonetsa vidiyo ya pa WhatsApp mosadukizadukiza, mlimi wa mbatatesi wa ku Bembeke n'kumaseka yekha m'minibasi. Kamakina kofooka chonchi kamaisenza bwanji ntchito imeneyi?

Tiyambe ndi masamu, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Sikirini ya madontho 720 m'lifupi ndi 1,600 m'litali ili ndi madontho 1,152,000. Dontho lililonse limatenga mabaiti 4, ndiye kuti chithunzi chimodzi chodzaza sikirini chimapitirira mabaiti 4.6 miliyoni. Sikirini imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi. Mukawonkhetsa mupeza mabaiti oposa 270 miliyoni sekondi iliyonse. Zonsezo zikanati zizikoperedwa kuchoka ku pulogalamu ina kupita ku inzake, foni ikanamatentha m'manja, ndipo batire likanatha minibasi isanafike pa Linthipe.

Mapulogalamu a m'foni kapena m'kompyuta sakhudza sikirini. Mwini sikirini ndi pulogalamu imodzi yokha yotchedwa display server, ndipo ena onse amachita kupempha kwa iyo. Pa Android seva imeneyi ndi SurfaceFlinger. Pa makompyuta a Linux pali njira ziwiri zolankhulira ndi seva: yakale ya X11 ndi yatsopano ya Wayland. Pulogalamu ikajambula zake imatumiza pempho, seva n'kusanja mawindo onse, ili pamwamba ilo pansi, kenako n'kuonetsa.

Nanga chithunzi chimafika bwanji kwa seva? Sichifika, chifukwa sichinyamuka n'komwe. Mlimi yemwe wasunga matumba 200 a mbatatesi m'nyumba yosungiramo katundu sawasenza kukawatula kwa wogula. Amadulitsa kiyi wina n'kumupatsa, wogulayo n'kukatsegula yekha. Kiyi ameneyu m'kompyuta amatchedwa file descriptor.

File descriptor ndi kanambala chabe. Pulogalamu ikatsegula fayilo, kapena ikapatsidwa gawo la RAM, kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, imaipatsa nambala yoti izitchula ikafuna chinthucho. Manambala 0, 1 ndi 2 amakhala atatengedwa kale, choncho atsopano amayambira pa 3. Pofunika kumvetsa ndi apa: nambalayo imagwira ntchito m'pulogalamu imodzi yokhayo. Nambala 7 ya pulogalamu yolembera makalata ikhoza kukhala gawo la RAM lomwe muli chithunzi, pomwe 7 ya seva ndi chinthu china chosakhudzana nazo. Mukalemba 7 mu uthenga n'kutumiza, mwatumiza zopanda mutu. Pulogalamu iyenera kupempha kernel kuti iwolotse chilolezocho, ndipo kernel imatsegulira seva chinthu chomwecho pansi pa nambala yatsopano, mwina 23. Pa Linux izi zimachitika poitana sendmsg, chilolezo n'kuikidwa m'kachigawo kapambali ka uthenga kotchedwa SCM_RIGHTS. Luso limeneli si la dzulo. Lidachokera ku Unix ya ku yunivesite ya Berkeley m'zaka za m'ma 1980. Android imawolotsa ma descriptor kudzera m'njira yakeyake yotchedwa Binder, koma nzeru yake ndi yomweyo.

X idabadwira ku MIT, ku America, m'chaka cha 1984, ndipo mtundu wake wa X11 udatuluka mu 1987. Anthu ake, Bob Scheifler ndi Jim Gettys, ankaganizira za sukulu yaikulu yokhala ndi makina ambiri olumikizana pa netiweki, choncho adakonza zoti malamulo ojambulira aziyenda pa waya: jambula mzere apa, lemba chilembo apo. Zithunzi zitayamba kukula anthu adaiwonjezera zigamba, ndipo kuwolotsa ma descriptor kudalowa mu X mu 2013, m'ntchito ya Keith Packard yotchedwa DRI3. Wayland, yomwe Kristian Høgsberg adayamba mu 2008 akugwira ntchito ku Red Hat, idamangidwa pa ma descriptor kuyambira pamaziko. Mtundu wake wa 1.0 udatuluka mu Okotobala 2012.

Wophunzira aliyense wokhala ndi laputopu ya Linux akhoza kuziona yekha zimenezi. Akalemba WAYLAND_DEBUG=1 patsogolo pa dzina la pulogalamu, zokambirana zonse za pulogalamuyo ndi seva zimatsika pa sikirini mzere ndi mzere. Pulogalamu imayamba yalumikiza pa soketi, kawirikawiri /run/user/1000/wayland-0. Uthenga uliwonse uli ndi mutu wa mabaiti 8: anayi oyamba akutchula chinthu chomwe chikuuzidwa, awiri kukula kwa uthenga, awiri nambala ya pempho. Pakati pa mizereyo muona pempho lotchedwa create_pool, ndipo pambali pake palembedwa fd ndi nambala. Pempho limenelo ndi la mabaiti 16 basi, descriptor ikuyenda padera osatenga malo m'thupi la uthenga. Mabaiti 16 atsegulira seva chithunzi cha mabaiti oposa mamiliyoni anayi. Zikatero pulogalamu imangoti attach, damage, commit, kutanthauza kuti tenga ichi, mbali yasintha ndi iyi, onetsa. Seva ikamaliza imayankha kuti release, pulogalamu n'kujambulanso pomwepo.

Ngakhale kukopera mawu pa windo lina n'kukamata pa linzake kumadutsa momwemo. Pulogalamu yolandira imapanga paipi, n'kupereka mbali imodzi kwa seva, seva n'kuipatsira mwini mawuwo. Mawu amayenda m'paipimo pakati pa awiriwo, seva osawanyamula.

Olemba mapulogalamu amapunthwa malo awiri. Oyamba ndi ndondomeko. Popeza descriptor ndi pempho lake zimayenda m'tinjira tosiyana, seva imangozilumikiza motsata mmene zafikira. M'laibulale ya XCB, yomwe mapulogalamu a X11 amagwiritsa ntchito, poyamba munthu ankatumiza descriptor payokha ndi xcb_send_fd, pempho n'kutsatira. Pulogalamu ikakhala ndi nthambi ziwiri zogwira ntchito nthawi imodzi, descriptor ya iyi inkatha kugwirana ndi pempho la inayo, windo n'kuonetsa zosakhala zake. Adachita kuwonjezera xcb_send_request_with_fds kuti ziwirizo zizinyamukira limodzi. Achiwiri ndi kuiwala kutseka. Makina ambiri a Linux amalola pulogalamu kukhala ndi ma descriptor 1,024 otsegula. Yosatseka ake imayenda bwinobwino m'mawa onse, masana n'kugwa mwadzidzidzi, wogwiritsa ntchito n'kumanamizira mavairasi.

Kupatula kuchepetsa kukopera, phindu lina la Wayland ndi chitetezo, ndipo kwa ine limeneli ndiye lalikulu. Pa X11 pulogalamu iliyonse yolumikizidwa ku seva ikhoza kumvetsera zomwe mukutayipa pa windo lina, ngakhale nambala yachinsinsi ya ku banki. Pa Wayland pulogalamu imaona chokhacho chomwe yapatsidwa. M'dziko lomwe ndalama za feteleza ndi fizi zikuyenda pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, mpanda woterewu pakati pa mapulogalamu si wokongoletsera.

Koma pali chomwe chidatayika, ndipo okonda Wayland sakonda kuchitchula. Descriptor siwoloka netiweki. Imagwira ntchito pakati pa mapulogalamu okhala pa kernel imodzi basi. X11 yakale ija inkalola kompyuta imodzi yamphamvu kuyendetsa mapulogalamu, makompyuta okalamba ambirimbiri n'kumangoonetsa zotsatira. Ntchito ya LTSP, yomwe idayamba mu 1999, idatsamira pamenepo, ndipo bungwe la Shuttleworth Foundation lidaigwiritsa ntchito m'malabu a tuXlab m'sukulu za ku Western Cape, ku South Africa. Kwa sukulu yosauka yomwe yalandira makompyuta otha ntchito kuchokera kunja, nzeru imeneyi inali yopulumutsa. Pa Wayland zoterezi zimafuna mkhalapakati ngati waypipe, yomwe idalembedwa mu 2019. Iyo imatsegula descriptor mbali ino, n'kukopera zamkati kudutsa pa waya, n'kupanga ina tsidya linalo. Kukopera komwe kunkathawidwa kuja kwabwereranso.

Ku Malawi kuno njira yomwe yatengedwa m'sukulu za pulayimale ndi ina. Pansi pa ndondomeko ya BEFIT, yomwe Unduna wa Zamaphunziro udayamba mu 2023 mothandizana ndi Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, ana a Sitandade 1 mpaka 4 akuphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa pa matabuleti otchajidwa ndi sola. Tabuleti iliyonse ndi yoima payokha, pulogalamu ndi seva zili m'kabokosi kamodzi, ndipo m'malo otero ndi momwe kuwolotsa descriptor kumaonetsa mphamvu zake: kukopera kochepa, magetsi ochepa.

Vuto latsalira malabu a kusekondale ndi m'makoleji, chifukwa mitundu ya Linux yakhala ikusiya X11. Fedora idasamukira ku Wayland mu 2016, Ubuntu idayesa mu 2017 n'kubwerera m'mbuyo, kenako idakhazikika mu 2021. Raspberry Pi OS, ya timakompyuta totsika mtengo, idayamba kusamuka mu 2023. Mphunzitsi wa kompyuta, kaya ku Dedza Secondary School kaya ku Mayani, yemwe labu yake imadalira makina amodzi kudyetsa enawo, ayambe wayesa mtundu watsopano pa kompyuta imodzi asanauike ponseponse. Akalemba echo $XDG_SESSION_TYPE, makinawo amuyankha okha kuti x11 kapena wayland.