Nthano za Opopa Magazi Siziseketsa Akulu ku Petauke ndi Nyimba

Ku Ulaya nthano za mizukwa yoyamwa magazi a anthu ndi zosangalatsa cabe. Kucokera mu 1897, pamene Bram Stoker anafalitsa buku lake lochedwa Dracula, alembi ambiri atsata njira yomweyo, ena mpaka kulandira nazo mphotho, ndipo owerenga akatseka buku amagona tulo tabwino.

Koma nthano yotere ikafika m'midzi ya Ansenga ku Petauke ndi Nyimba imalandiridwa mosiyana. Mwana wa sukulu amene waiwerenga m'Cingelezi amatama luso la mlembi, pamene ambuye ace, akaimva, amayamba kuchula maina a malo ndi zaka. Kwa iwo iyi si nkhani yoseka nayo.

Cifukwa cace cili m'mbiri ya dziko lathu. M'zaka za m'ma 1930 mbiri inawanda mu Northern Rhodesia yakuti kuli anthu ochedwa banyama, olembedwa nchito ndi Azungu kuti azigwira Afirika ndi kuwacotsa magazi. Ogwira nchito yolimbana ndi kashembe anaganiziridwa, ngakhalenso ansembe ena a White Fathers. Pa nthawi yokana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, comwe cinayamba mu 1953, mbiriyo inabukanso, ndipo Afirika ooneka ngati ogwirizana naco ankanenedwa kuti ndi banyama.

Kodi tiwaseke makolo athuwo? Iai. Mu 1910 madokotala Stephens ndi Fantham anazindikira kacirombo ka matenda a kaodzera m'magazi a munthu amene anadwalira m'cigwa ca Luangwa, ndipo mu 1912 Kinghorn ndi Yorke anatsimikiza m'cigwa comweco kuti kashembe ndiye amafalitsa nthendayo. Inali nchito yopulumutsa miyoyo, koma munthu wa kumudzi anaona zina. Anaona mlendo wosadziwa cinenero cace akumpapasa m'khosi, kumbaya ndi singano, natenga magazi ace kunka nawo, osalongosola kanthu. Luise White, m'buku lace la mu 2000 lochedwa Speaking with Vampires, anasonyeza kuti mphekesera zotere zinali njira imene anthu olamulidwa ankafotokozera zimene ulamuliro wa atsamunda unali kucita ndi matupi ao ndi thukuta lao.

Coipa ncakuti mphekeserazo sizinathe ndi ufulu. Kwa anansi athu ku Malawi, mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017. Anthu osacepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, bungwe la United Nations linacotsa anchito ace m'maderawo, ndipo palibe wopopa magazi ngakhale mmodzi amene anapezeka. Ofawo anali anthu wamba, ena alendo ongodutsa.

Apa ndipo nthanoyi ikhudza ife lero. Malungo sanathe m'maboma awiriwa, ndipo kuti namwino adziwe ngati mwana ali nao ayenera kumbaya cala natengeko kadontho ka magazi. Mai wotaya magazi pobereka amapulumuka ndi magazi amene munthu wina anapereka mwaufulu. Wanchito wa zaumoyo amene ayamba waonekera kwa a nyakwawa, nalankhula Cinsenga, nasonyeza kholo zotsatira za kupimako pamaso pace, amalandiridwa. Amene angotsika m'galimoto ndi singano m'manja amakumbutsa okalamba za mlendo uja wa m'cigwa ca Luangwa.