ZILONDA ZA PAKHOSI NDI MTIMA WA MWANA

Anthu ambiri amaganiza kuti matenda a mtima amagwira akuluakulu okha. N'zoona kuti kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtima, kumene kumapha akulu mwadzidzidzi, sikuonekaoneka pakati pa ana. Koma alipo matenda ena a mtima amene amavutitsa ana kuno kwathu, ndipo chiyambi chake ndi zilonda za pakhosi.

Zina mwa zilonda zimenezi zimabwera ndi tizilombo totchedwa streptococcus, timene timafalikira pokhosomola ndi poyetsemula, makamaka m'nyumba mogona anthu ambiri mothithikana. Ana a zaka 5 mpaka 15 ndiwo amagwidwa kwambiri. Mwana amatentha thupi, amavutika kumeza, ndipo m'khosi mumatuluka mwanabere.

Mwana akapanda kulandira mankhwala, zilondazo zimapola zokha ndipo makolo amaiŵala. Koma mwa ana ena, pakapita masabata 2 kapena 3, thupi polimbana ndi tizilombo tija limayamba kuononga ziŵalo zake zomwe. Thupi limatenthanso. Maondo, akakolo ndi zigongono zimatupa, ndipo ululu umachoka pa mfundo ina kupita pa ina. Ena manja ndi nkhope zimagwedezeka zokha, mpaka kulephera kugwira pensulo. Madokotala amati imeneyi ndi rheumatic fever.

Mu mtima muli tizitseko 4 timene timaongolera magazi kuti asabwerere m'mbuyo. Nthendayi imatupitsa tizitseko timeneti, ndipo ikamabwerezabwereza timauma, osatsekeka kapena kutseguka bwino. Zikatero mwana amatopa msanga, amachita befu pamtunda waung'ono, amatupa miyendo, ndipo usiku amafuna kugona chokhala. Mtsikana wotere amakhala pangozi yaikulu akadzaima. Vutoli lilinso m'maiko ena ambiri, kotero kuti m'chaka cha 2018 msonkhano waukulu wa Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse unapangana zolimbana nalo.

Nanga inu makolo mungachitenji?

Mwana akamva kuŵaŵa pakhosi ndi kutentha thupi, pitani naye kuchipatala. Achipatala akaona kuti n'kofunika, adzampatsa jekeseni imodzi ya penisilini kapena mapiritsi a masiku 10. Amalize mapiritsi onse ngakhale atapeza bwino. Ngati mwana anaŵengedwapo ndi penisilini, auzeni achipatala.

Mwana amene anadwalapo rheumatic fever ayenera kubayidwa penisilini mwezi uliwonse kwa zaka zambiri. Jekeseniyo sikonza tizitseko toonongeka kale, koma imateteza kuti nthenda isabwerere n'kuonjeza vuto. Musadumphitse mwezi chifukwa cha kumunda kapena kutalika kwa njira. Sungani bwino buku lake la kuchipatala.

Tsegulani mazenera masana, ndipo phunzitsani ana kusamba m'manja ndi kutseka pakamwa pokhosomola.

Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda uoneka. Samalani khosi la mwana wanu lero kuti adzakule ndi mtima wamphamvu.