MABALA 21 AMENE PEPALA SILINAWACHULE

PA tsiku la 2 June 2015, ku White House mumzinda wa Washington, Mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, Bambo Barack Obama, anapereka mendulo yoposa mamendulo onse a nkhondo a dzikolo, yochedwa Medal of Honor, kwa msilikali wina dzina lake Henry Johnson. Mwini wake sanalipo kuti aivale pacifuwa, pakuti anali atagona m'manda zaka 86. Panalibenso mwana kapena mdzukulu wodziwika woti aitambasulire manja, motero inalandiridwa ndi Command Sergeant Major Louis Wilson wa gulu la asilikali la New York National Guard. Nchito imene menduloyo inali kuthokoza inacitika usiku umodzi m'caka ca 1918.

A Johnson anali munthu wakuda, wamfupi ndiponso wocepa thupi, amene anali kugwira nchito yonyamula katundu wa apaulendo pa siteshoni ya sitima mumzinda wa Albany. Analembetsa usilikali mu June 1917, dziko lawo litangolowa m'Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndipo anaikidwa m'gulu la asilikali akuda limene pambuyo pake linachedwa 369th Infantry Regiment. Masiku amenewo asilikali akuda ndi azungu a ku America sanali kusakanizidwa. Gululi litafika ku France, nchito yake yoyamba inali kutsitsa katundu m'zombo ndi kukumba. Koma asilikali a France anali atatha ndi nkhondo ya zaka zambiri ndipo anali kupempha anthu. Tsono mkulu wa asilikali a America, General John Pershing, amene sanafune kugawa magulu ake a azungu, anabwereketsa gulu la akudali. Anapatsidwa zisoti ndi mfuti za ku France, namenya nkhondo pansi pa akazembe a ku France masiku 191, ndipo anachuka ndi dzina lakuti Harlem Hellfighters.

Usiku wa pa 14 May 1918, kuca kwa pa 15, a Johnson ndi mnzawo Needham Roberts anaikidwa pa ulonda kutsogolo kwa anzawo onse, m'mphepete mwa nkhalango ya Argonne. Pakati pa usiku anamva kulira kwa zodulira pa waya waminga wozinga malo awo. Anali Majeremani osacepera 12, amene anabwera mwakacetecete kudzagwira msilikali wamoyo kuti akamfunse zinsinsi. A Johnson anayamba kuponya mabomba a m'manja kumene kunali kucokera phokosolo, ndipo adani anabwezera ndi mfuti ndi mabomba. A Roberts anavulala kwambiri nalephera kuimirira, koma ali cigonere anali kupatsira mnzawo mabomba kufikira atatha. A Johnson anatola mfuti yawo, koma posakhalitsa inakana kulira. Anaigwira kumpope nayamba kukantha nayo adani ngati cibonga mpaka thako lake linasweka.

Apa m'pamene anaona adani ena alikukoka a Roberts kuti apite nawo. Iwo eni anali atalasidwa kale ndipo mwazi unali kucuca, koma anasolola mpeni waukulu wonga cikwanje, umene asilikali anali kuucha bolo, nalumphira pakati pa adaniwo. Anabaya uyu, natema uyo, kufikira otsalawo anataya munthu wawo nathawa atanyamula ovulala awo. Kutaca, akuluakulu anapeza zida zotayidwa ndi mikwasa ya mwazi, ndipo anawerengera kuti adani anai anaphedwa, ena ambiri navulazidwa. Pathupi pa a Johnson panapezeka mabala 21, ndipo phazi lawo linali litaphwanyika.

Dziko la France silinacedwe. Linapatsa amuna awiriwa mendulo yake ya Croix de Guerre, ndipo anali pakati pa asilikali oyamba a ku America kuilandira pa nkhondoyo. Kwawo nako dzina la Johnson linamveka m'manyuzipepala onse. Anakwezedwa kukhala sajeni, ndipo pa 17 February 1919, gulu lawo poguba mumsewu wa Fifth Avenue ku New York, iwo anayendetsedwa pa galimoto yopanda denga, khamu la anthu likupfuula dzina lawo. Cithunzi cawo cinagwiritsidwa nchito ndi Boma pokopa anthu. Koma mendulo ya dziko lawo, ngakhale imodzi, sanapatsidwe. Ndipo olemba mbiri yawo ambiri anena kuti mapepala awo otulukira usilikali sanachule mabala aja konse.

Tsiku lina mu 1919, atapemphedwa kulankhula ku St. Louis, a Johnson m'malo mokometsa nkhani ananena poyera za tsankho limene asilikali akuda analiona kwa anzawo oyera. Kuyambira pamenepo oitana anacepa. Nchito yonyamula katundu inawakanika cifukwa ca phazi, banja linatha, ndipo cifuwa cacikulu cinawagwira. Mabuku a ofesi yoyang'anira asilikali akale aonetsa kuti mu 1927 anawalemba kuti ndi wolumala kotheratu, koma cifukwa colembedwa cinali cifuwaco. Anamwalira ku Washington pa 1 July 1929, asanakwanitse zaka 40.

Owerenga amene anayendapo ulendo wa ku boma kukalondola penishoni ya malemu adziwa kuti kalaliki samva nkhani ya pakamwa, ngakhale mudzi wonse utabwera kudzacitira umboni. Iye atsegula faelo, ndipo cimene mulibe m'faelo, kwa iye sicinacitike. M'usilikali zitero ndithu, ndipo mwina koposa. Ku America msilikali wovulazidwa ndi mdani ayenera kulandira mendulo yochedwa Purple Heart, imene inakhazikitsidwa m'maonekedwe ake a tsopano mu 1932, nilolanso asilikali a nkhondo ya 1914-1918 kuipempha. Lamulo lake lifuna zinthu zitatu: kuti bala linabwera ndi nchito ya mdani, kuti linafunika cithandizo ca dokotala, ndi kuti cithandizoco cinalembedwa m'mabuku a boma. Cacitatuci ndico cigwetsa ambiri. Pakati pa nkhondo munthu amangidwa nsalu pabala nabwerera kukamenya, ndipo womangayo alibe nthawi yogwira pensulo. Nthawi zina iyenso afa tsiku lomwelo.

Kale wofuna kukonzetsa pepala lake la usilikali anali kudandaula kwa aphungu, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Congress inali kupanga kalamulo kapadera ka munthu mmodziyo. Madandaulo atacuruka nkhondo yaciwiri itatha, mu 1946 Congress inalamula kuti nthambi iliyonse ya asilikali ikhale ndi bungwe lokonza zolakwika m'mafaelo. La asilikali a pamtunda lichedwa Army Board for Correction of Military Records, ndipo okhalamo ndi anthu wamba ogwira nchito za boma, osati ovala yunifomu. Wodandaula alemba fomu yochedwa DD Form 149, nalongosola colakwika kapena cosalungama cimene afuna kuti cikonzedwe. Ngati mwini anamwalira, mkazi wake, mwana kapena mbale angathe kumlembera. Lamulo lipereka zaka zitatu kuyambira tsiku limene colakwikaco cadziwika, koma bungwe lili ndi mphamvu yomva dandaulo locedwa ngati cilungamo cifuna tero.

Mtolo wa umboni uli pa wodandaula. Bungwe liyamba ndi kukhulupirira kuti zolembedwa m'faelo nzoona, ndipo munthu ayenera kubweretsa comwe cingagwetse cikhulupiriro cimeneco: pepala la cipatala, kaundula wa tsiku ndi tsiku wa gulu lake, kalata imene analembera kwawo masiku omwewo, kapena mau olumbira a anzake amene anaona ndi maso. Pamwamba pa zonsezi pali tsoka la pa 12 July 1973, pamene moto unabuka m'nyumba yosungiramo mafaelo a asilikali ku St. Louis nupsereza mafaelo pakati pa 16 miliyoni ndi 18 miliyoni. Mwa asilikali a pamtunda amene anatuluka nchito pakati pa 1912 ndi 1960, mafaelo 80 pa 100 alionse anapsa, ndipo panalibe makope ena.

Mlandu wa a Johnson unadzutsidwa ndi anthu a ku Albany, makamaka Bambo John Howe, msilikali wakale wa nkhondo ya ku Vietnam, pamodzi ndi Bambo Herman Johnson, amene moyo wawo wonse anakhulupirira kuti ndi mwana wa malemuyo, ngakhale kuti pambuyo pake ofufuza a asilikali sanapeze ubale wa magazi. Mu 1996, patapita zaka 78, Mtsogoleri Bill Clinton anapereka Purple Heart ija. Ngakhale manda awo anali osadziwika: ambiri anali kuyesa kuti anaikidwa ngati mmphawi, kufikira ofufuza anapeza kuti agona ku Arlington, manda aulemu a asilikali, pansi pa dzina lawo lonse la William Henry Johnson. Mu 2002 kunavomerezedwa mendulo yaciwiri kwa ukulu, ya Distinguished Service Cross. Koma ya pamwamba peni peni inakanidwa, cifukwa umboni wolembedwa pa nthawi ya nkhondoyo unali wopereŵera.

Unapezeka mu 2011. Wanchito wina wa mu ofesi ya Senator Charles Schumer, pofufuza m'mapepala akale, anapeza lipoti la General Pershing mwini la mu May 1918, lochula maina a Johnson ndi Roberts ndi kuyamikira kulimba mtima kwawo. Pamodzi ndi ilo panaikidwa kalata ya mkulu wa gulu lawo, Colonel William Hayward, yolembera mkazi wa a Johnson, ndi mau a Roberts amene anaona zonse. Mapepala amenewa analipo zaka zonsezi; cimene cinasowa ndi munthu wowafuna. Panatsala copinga cimodzi: Medal of Honor iyenera kuperekedwa pasanathe zaka zisanu cicitikire nchitoyo. Congress inacotsa malire amenewa pa mlandu wa a Johnson kumapeto kwa 2014.

Sanali okha. Corporal Freddie Stowers, wakuda amene anafa mu September 1918 akutsogolera anzake, anapemphereredwa mendulo yomweyi nthawi yomweyo, koma pempho linatayika m'maofesi, ndipo alongo ake anailandira mu 1991 ali nkhalamba. Mu January 1997 asilikali akuda 7 a Nkhondo Yaciwiri anapatsidwa yawo, atafufuza akatswiri a pa Shaw University. Wamoyo anali mmodzi yekha, Bambo Vernon Baker. Munthu angathe kukhulupirira kuti faelo imodzi inasokera mwangozi, koma mafaelo osokera akakhala a anthu a khungu limodzi, ngozi yoteroyo ibvuta kuikhulupirira.

Nkhondo yomweyo ya a Johnson inathera m'dziko lathu lino, pamene General von Lettow-Vorbeck anatula zida ku Mbala pa 25 November 1918. Makolo athu ambiri anaisenza pamutu ngati atengatenga, ndipo ambiri sanabwerere. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linabvomera kuti anthu osacepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, makamaka a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo Boma la Britain linapepesa m'Nyumba ya Malamulo. A Johnson anali ndi mwai wakuti kazembe wina analemba dzina lawo pa pepala. Ambiri a atengatenga analembedwa ngati ciwerengero cabe.

Mu June 2023 kampu yaikulu ya asilikali m'cigawo ca Louisiana, imene inali kudziwika ndi dzina la Fort Polk pokumbukira kazembe wa mbali yosunga ukapolo pa nkhondo ya paciweniweni, inasinthidwa dzina kukhala Fort Johnson. Dzinalo linakhala zaka ziwiri. Mu 2025 Boma la Bambo Donald Trump linabwezera dzina la Fort Polk, ponena kuti tsopano likumbukira kazembe wina, General James H. Polk, amene anamenya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse.