Mpikisano Wovuta Unali Kunyumba

Ana athu amaloweza mayina a akatswiri a masewera, koma za moyo wawo wa kunyumba sazidziwa. N'chifukwa chake timakonda mabuku amene akatswiriwo amafotokozamo mbiri yawo osabisa zofooka.

Taganizirani za Louis Zamperini wa ku America. Mu 1936, ali ndi zaka 19, anathamanga mamita 5,000 pa Olimpiki ku Berlin. Mu 1943, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndege imene anakwera inagwera m'nyanja ya Pacific. Anayandama masiku 47 pa kabwato, kenako asilikali a Japan anamugwira n'kumuzunza zaka ziwiri.

Laura Hillenbrand anacheza naye kambirimbiri pa foni polemba buku la Unbroken, lomwe linatuluka mu 2010. Zamperini sanabise kuti atabwerera kwawo ankalota akuzunzidwa, ndipo anayamba mowa kuti aiwale. Banja lake linatsala pang'ono kutha. Mu 1949 mkazi wake Cynthia anamuumiriza kupita ku msonkhano wa Billy Graham ku Los Angeles. Anasiya mowa ndi fodya, maloto aja anatha, ndipo mu 1950 anapita ku Japan kukakhululukira amene anamuzunza.

Tikamayendera makomo pa ntchito yathu ya zaumoyo, timapeza abambo amphamvu akumira m'kachasu chifukwa cha zowawa zimene sauza munthu. Kuwadzudzula kokha sikuthandiza. Tikhale nawo pansi, timve chimene chikuwasowetsa tulo, tipemphere nawo, ndipo ngati n'kofunika tiwaperekeze kuchipatala.