ZIKHADABO ZOYERA: KODI NDI MATENDA A KUMTUNDU?

Makolo ambiri m'makomboni a ku Petauke ndi ku Nyimba amada nkhawa akaona zoyera pa zikhadabo za mwana. Kuyera kumeneku kuli pamitundu itatu, ndipo ndi bwino kudziwa kusiyanitsa kwake.

Coyamba ndi timadontho toyera. Timeneti timabwera cikhadabo cikapwetekeka kutsinde kwake, monga mwana akapanidwa ndi citseko kapena akamaluma zala. Si matenda ai. Cikhadabo cimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, motero kadonthoko kamasendera kutsogolo mpaka mudzakawenga.

Caciwiri ndi zikhadabo zonse zoyera ngati coko kuyambira ukhanda. Izi zimayenda m'banja, koma sizioneka kawirikawiri. Ambiri otere alibe bvuto lina. Komabe mu 1967 madokotala awiri, Bart ndi Pumphrey, anafotokoza za banja limene zikhadabo zoyera zinali kuyendera limodzi ndi kugontha ndiponso zikundu pa mfundo za zala. Conco mwana wotere akamapanda kuceuka mukamuitana, kamupimitseni makutu.

Cacitatu ndico cofunika kwambiri kwathu kuno. Nthawi zina cikhadabo cimakhala cabwino, koma mnofu wa pansi pake ndiwo watuwa. Onani zikhatho, lilime ndi m'kati mwa zikope. Ngati namonso mwayera, ndiye kuti magazi acepa. Malungo, njoka za m'mimba ndi kusadya mokwanira zimacepetsa magazi, koma pali nthendanso ya kumtundu yochedwa sickle cell.

Mwana wa sickle cell amayamba kudwala akakwanitsa miyezi 5 kapena 6. Manja ndi mapazi amatupa, maso amacita cikasu, ndipo amalira ndi ululu wa m'mafupa. Magazi amacepa mobwerezabwereza.

Nthendayi siicokera kucimuna kokha kapena kucikazi kokha. Mwana amadwala pokhapo ngati watengera mbeu yake kwa atate ndi kwa amai omwe. Makolowo kawirikawiri amaoneka athanzi. Onse awiri akakhala nayo mbeuyi, pa mimba iriyonse pali mpata umodzi mwa 4 woti mwana abadwe ndi nthendayi. Tsono kuloza cala mbumba ya mkazi, kapena kunamizira agogo ufiti, n'kungopasula banja pacabe.

Musamuteme mphini mwana wotuwa, cifukwa mukumutayitsa magazi ocepa omwewo. Pitani naye kusikelo, kapena ku cipatala ca boma ca Petauke, ca Nyimba, ngakhale ca mishoni ca Minga. Uzani anamwino ngati pali m'bale wina amene anadwalapo motere, ndipo pemphani kuti amupime magazi. Akamupeza ndi sickle cell, azigona m'neti, azimwa madzi ambiri, azifunda nthawi yozizira, ndipo alandire katemera yense. Thupi likangotentha, thamangirani kucipatala tsiku lomwelo.