Kodi mumadziwa? Kukhuta kukhoza kupha hatchi yowonda

Hatchi yomwe yagona ndi njala nthawi yaitali ikhoza kufa itangopatsidwa chimanga chambiri mwadzidzidzi. Mchere wa phosphorus umatsika m'magazi, mtima n'kulephera kugwira ntchito.

N'chifukwa chake akatswiri a pa University of California, Davis, amalangiza zoyamba ndi theka la kilogalamu ya udzu wouma wa alfalfa pa maola 4 aliwonse kwa masiku 3, kenaka n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Kuti nthiti zibisike pamapita miyezi 3 mpaka 5.

Komatu si njala yokha imene imawondetsa. Mano a hatchi sasiya kukula msanga, ndipo akasongoka amacheka masaya, chakudya n'kumangogwa m'kamwa. Njoka zam'mimba nazo zimaibera chakudya. Musanawonjezere chakudya, itanani dokotala wa ziweto aone mano kaye.